Mmene mungagulitsire mahedilampu ndi mababu a galimoto omwe munagwiritsapo kale ntchito

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimafika kuno ndi mababu wamba a halogen. Munthu akangoyenda ulendo umodzi wausiku mumsewu wa M1, amabwerako atatsimikiza zosintha magetsi. Wina amagula mababu a LED, wina amaika HID (mababu owala ndi mpweya wa xenon, opanda kawaya mkati), wina amachotsa hedilampu yonse n'kuikapo ina yokhala ndi kadiso kagalasi kaja amati projector. Pakapita nthawi galimoto ija imagulitsidwa, kapena yawonongeka injini, kapena mwiniwake waona magetsi ena omusangalatsa. Akale aja amangokhala m'katoni pansi pa bedi. Imeneyo ndi ndalama, ndipo wogula alipo.

Koma katunduyu ndi wosiyana ndi wailesi kapena marimu. Amene adzagule kwa inu adzayenda nawo usiku, mumsewu womwe kumanzere kuli wakabaza wopanda nyali ndi anthu ochokera kumsika, kumanja kukubwera minibasi yodzaza. Chimene mukumugulitsa kwenikweni ndi kuwala komwe nyaliyo imaponya pamsewu, ndiye ntchito yanu yaikulu ndi kumuonetsa kuwalako asanatulutse ndalama.

Musanagwire sipanala

Ngati magetsiwo adakali pagalimoto, musathamangire kumasula. Umboni wabwino kwambiri mumaupeza akadali pamalo pake. Dikirani kude, mupeze bwalo lathyathyathya lomwe lili ndi khoma, ngakhale la mpanda. Imikani galimoto molunjika khomalo pa mtunda wa mamita 10. Yezani kuchokera pansi kufika pakati pa hedilampu, ndipo msinkhu womwewo muulembe pakhoma ndi choko kapena khala. Kenako yatsani dimu.

Hedilampu yabwino imajambula mzere wooneka bwino pakhoma: pansi pa mzerewo pali kuwala, pamwamba pake pali mdima. Pa mahedilampu ambiri pamalembedwa kanambala ngati 1.0% kapena 1.2% pa pulasitiki yakuda ya pamwamba. Tanthauzo lake ndi loti pa mamita 10, mzere uja uzitsika masentimita 10 kapena 12 pansi pa pomwe munalemba paja. Jambulani chithunzi muli pambali pa chitseko cha dalaivala, khoma lonse likuoneka. Phimbani hedilampu imodzi ndi katoni kwa kamphindi mujambule inayo payokha, kenako musinthe. Yatsani fulu mujambulenso. Pomaliza jambulani kavidiyo kakafupi kuyambira magetsi ali ozimitsa mpaka atayaka bwinobwino, osadula pakati. Pa HID vidiyoyi ndi yofunika kwambiri chifukwa babu limayamba ndi kuthwanima, kenako limatenga masekondi angapo kuti liwale mokwanira, ndipo wodziwa amaona thanzi la babu ndi ballast, kabokosi kamene kamayatsa babulo, pa masekondi amenewo.

Asiyeni akuyaka kwa mphindi 15 kapena 20 injini ikulira. Zovuta zambiri za LED ndi HID sizioneka pongoyatsa. Zimadzaoneka zikatentha: mbali imodzi imayamba kuphethira, kapena imazima yokha n'kuyakanso.

Mzerewo ukukwera mbali iti?

Apa ndi pomwe ogulitsa ambiri sayang'ana, ndipo ndi pomwe ine ndimapaona kuti m'pofunika kuposa pena paliponse. Dimu siwala mofanana mbali zonse. Mbali imodzi mzere uja umakhala wogona, mbali ina umakwera m'mwamba pang'ono kapena umapanga kasitepe. Anachita dala opanga. Mbali yokwerayo ndi yoti iunikire m'mphepete mwa msewu, momwe muli anthu oyenda pansi ndi zikwangwani, pomwe mbali yogonayo ndi yoti isathobwe m'maso dalaivala wobwera kutsogolo.

Ife timayenda kumanzere, monganso ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe, Tanzania, South Africa, Japan ndi Britain. Choncho mukakhala pampando wa dalaivala n'kuyang'ana pakhoma, mzere uyenera kukwera kumanzere. Ku China, ku Dubai, ku America ndi ku Germany amayenda kumanja, ndipo mahedilampu opangira misika imeneyo amaponya kuwala kumanja. Mahedilampu okongoletsa omwe anthu amaitanitsa pa intaneti nthawi zina amabwera otero. Amalowa bwinobwino pagalimoto, amakongola masana, koma usiku kuwala kwawo kumalunjika m'maso mwa amene akubwera, pamene wanjinga wa kumanzere ali mumdima.

Galasi lenilenilo limanenanso. Fufuzani chilembo cha E chozunguliridwa ndi kabwalo, chili ndi nambala pambali: E1 ndiye kuti inavomerezedwa ku Germany, E4 ku Netherlands, E11 ku Britain, E43 ku Japan. Pafupi pake pamakhala zilembo ngati HC, HCR, DC kapena DCR, ndipo pansi pa zilembozo pamatha kukhala kamuvi. Mutaima kutsogolo kwa galimoto kuyang'ana hedilampuyo, kamuvi koloza kudzanja lanu lamanja kakusonyeza kuti ndi ya mayiko oyenda kumanzere ngati kwathu kuno. Ka mitu iwiri ndiye kuti ikhoza kusinthidwa kuti igwire ntchito mbali zonse. Ngati pali E koma kamuvi palibe, imeneyo ndi ya mayiko oyenda kumanja. Yolembedwa DOT kapena SAE ndi ya msika wa ku America. Mahedilampu ena akale a ku Japan alibe E, koma amenewo khoma limakuuzani.

Mukapeza kuti anu akukwera kumanja, musawagulitse ngati magetsi oyendera usiku. Mukhoza kugulitsa galasi lakutsogolo, mababu, ballast ndi chikhokho kwa wokonza magetsi a galimoto, mutamuuza chilungamo chake. Mupeza ndalama zocheperako, komabe kumeneko ndiye kugulitsa koyenera.

Kumasula

Zimitsani zonse, chotsani kiyi, ndipo mumasule waya wa minus pa batire. Pa HID musachite chibwana: ballast imatulutsa mavoti opitirira 20,000 panthawi yoyatsa babu. Dikirani zizizire musanagwire.

Pa galimoto zambiri zing'onozing'ono, monga Vitz, Fit, Passo kapena Axio, hedilampu ili ndi bawuti ina yobisika pansi, ndipo simungaifike osakankha kapena kuchotsa bampala. Mukaona kuti mwamasula zonse zapamwamba koma ikukanabe, musakoke ndi mphamvu. Timakutu tapulasitiki tomwe mabawuti amagwirapo timathyoka msanga, makamaka titapsa ndi dzuwa kwa zaka, ndipo khutu limodzi lothyoka limagwetsa mtengo kwambiri. Ngati simunachitepo ntchitoyi, mulipireni makaniko. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi hedilampu.

Mawaya musadule. Pulagi iliyonse ili ndi kapini kodina kapena kokweza. Tengani zonse zomwe zinabwera ndi magetsiwo: ma ballast, mawaya a relay ndi fyuzi yake, timabokosi ta canbus (toletsa kompyuta ya galimoto kuona LED ngati babu lakupsa), mphira zotsekera fumbi kumbuyo, timphete togwirira babu, ngakhale mabawuti. Ikani m'jumbo imodzi. Kamphete kamodzi kakasowa, babu la LED silingakhale m'malo mwake, ndipo sikapezeka pakokha m'sitolo. Babu la halogen kapena la HID musaligwire pagalasi ndi zala, chifukwa mafuta a m'manja amachititsa kuti galasilo lizitentha malo amodzi mpaka kuphulika. Ngati mwaligwira kale, lipukuteni ndi sipiriti.

Dziwani dzina lenileni la chomwe mukugulitsa

Kulemba kuti "magetsi a Vitz" sikokwanira. Vitz ya KSP90 ndi ya KSP130 ndi galimoto ziwiri zosiyana nkhope, ndipo ya 130 yomwe, yomwe inatuluka kumapeto kwa 2010, inasinthidwa nkhope mu 2014 komanso mu 2017. Axio ya NZE141 ndi ya NZE161 nazonso sizibwerekana magetsi. Hilux Vigo ndi Revo chimodzimodzi. Tengani zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi pa blue book kapena pa kachitsulo ka m'boneti kapena ka pafelemu ya chitseko, mulembe pamodzi ndi chaka. Muzilemba zilembo zoyambirira zokha, nambala yonse ayi.

Kenako yang'anani amene anapanga. Mahedilampu obwera ndi galimoto za ku Japan nthawi zambiri amalembedwa Koito, Stanley kapena Ichikoh, ndipo pambali pake pali nambala. Depo ndi TYC ndi makampani a ku Taiwan opanga olowa m'malo mwa oyambirira, ndipo amakaniko amawadziwa. Ena alibe dzina lililonse. Ngati alibe, nenani kuti alibe.

Mtundu wa babu umalembedwa patsinde pake. H4 lili ndi mano atatu, ndipo dimu ndi fulu zili m'babu limodzi. H7, H11 ndi H1 lililonse limagwira ntchito imodzi yokha, dimu kapena fulu. HB3 ndi lomwe lija amalemba 9005, HB4 ndi 9006. Pa HID yobwera ndi galimoto mumapeza D2S, D2R, D4S kapena D4R. Chilembo cha S ndi cha projector, R ndi cha hedilampu ya mbale yonyezimira. D2 ndi D4 amafanana maonekedwe koma sasinthana, chifukwa D2 imayendera mavoti 85 pomwe D4 imayendera 42, ndipo aliyense amafuna ballast yakeyake. Onaninso ngati ndi za 12V kapena 24V. Malole ambiri amayendera 24V, ndipo wa lole akagula ballast ya 12V imapsa tsiku lomwelo.

Manambala awiri amasokoneza anthu. Loyamba ndi la K. Babu la 4300K ndi loyera mopita kuchikasu pang'ono, la 6000K ndi loyera mbee, la 8000K ndi lobiriwira ngati thambo. Nambala imeneyi ikunena mtundu, osati mphamvu. HID ya kufakitale imakhala cha m'ma 4300K, ndipo mumvula kapena m'chifunga cha ku Chikangawa ndi ku Dedza kuwala koteroko ndi komwe maso amaona nako bwino msewu. Lachiwiri ndi la ma lumen, muyeso wa kuchuluka kwa kuwala. Babu la H4 wamba limatulutsa pafupifupi 1,000 pa dimu ndi 1,650 pa fulu, ndipo D2S ya 35W imatulutsa pafupifupi 3,200. Ndiye katoni ya LED yotchipa ikalemba manambala a masauzande makumimakumi, musakopere zimenezo m'uthenga wanu ngati kuti munayeza nokha. Chithunzi cha pakhoma chija ndi chokwanira.

Fufuzani zilema inuyo wogula asanazipeze

Ikani hedilampu pathebulo masana, pansi pake pali nsalu. Yambani ndi galasi. Kwenikweni si galasi, ndi pulasitiki yotchedwa polycarbonate, yopakidwa mankhwala oteteza ku dzuwa. Mankhwalawo akatha, imayamba chikasu ndi kuchita khungu. Chikasu cha kunja chimachoka. Timing'alu ting'onoting'ono ta mkati mwa pulasitiki, tooneka ngati ukonde mukaunikira ndi tochi chammbali, sitichoka.

Yang'anani m'munsi mkati. Mukaona mzere wa dothi louma, madzi anagonamo. Kanthunzi kochepa ka m'mawa kozizira, komwe kamatha magetsi akayaka kwa kanthawi, si vuto, popeza hedilampu ili ndi timabowo topumira. Madontho otsika ndi madzi odikha pansi ndiye kudontha. Yendetsani chala m'mphepete momwe galasi limalumikizana ndi chikhokho. Mukapeza silikoni wopakidwa ndi dzanja, inatsegulidwapo. Si mlandu, chifukwa aliyense woika projector amatsegula, koma wogula ayenera kudziwa.

Mbale yonyezimira ya mkati iyang'aneni pamwamba pa pomwe pamakhala babu. Pakachita bii kapena pakasupuka, yapsa, ndipo izi zimachitika kawirikawiri pomwe munthu anaika HID ya 55W kapena halogen ya 100W m'malo mwa yoyenera. Mbale yakupsa siwala ngakhale muike babu lodula chotani. Zungulitsaninso timabawuti tosinthira kuwala, tokweza ndi kutsitsa, muone ngati mbale ikusuntha. Tikamangozungulira popanda kusuntha kanthu, hedilampuyo singawongoledwe. Igwedezeni pang'ono mumve ngati muli chophwanyika.

Pa LED, mverani kafani ka kumbuyo. Kakamalira mokhadzula kapena kakamafuna kukankhidwa ndi chala kuti kayambe, babulo latsala pang'ono, chifukwa LED imafa ndi kutentha. Fumbi la m'misewu yathu limadzaza m'timafani timeneti, ndiye lichotseni ndi kaburashi kofewa. Onaninso timiyala towala ta pababulo ngati tina tada. Pa HID, babu lomwe layamba kufiirira kapena kuphethira latha. Kuti mudziwe ngati vuto ndi babu kapena ballast, sinthanitsani mababu, lakumanzere lipite kumanja. Vuto likasamuka ndi babu, ndi babu. Likatsala mbali yomweyo, ndi ballast kapena mawaya.

Kutsuka

Madzi, sopo wamadzi ndi nsalu yofewa. Petulo, thina ndi mankhwala ena amphamvu amang'ambitsa pulasitikiyi. Mkati musapisemo nsalu, chifukwa chonyezimira chija ndi chopyapyala kwambiri moti chimachoka ndi kupukuta kumodzi.

Chikasu mukhoza kuchichotsa ndi sandipepa wa madzi, kuyambira 800, kenako 1500, kenako 2000 kapena 3000, n'kupolisha. Koma mukatero mwachotsanso chotetezera chomwe chinatsala, ndiye pafunika kupoperapo clear coat yoteteza ku dzuwa. Popanda iyo chikasu chimabwerera pakangopita miyezi. Mankhwala otsukira mano amawalitsa kwa kanthawi kochepa. Kupaka mafuta kuti zinyezimire pachithunzi ndi bodza basi. Ngati mwapolisha, lembani kuti mwapolisha, ndipo munene ngati mwapopera kapena ayi.

Mtengo

Musayambire pa ndalama yomwe munagulira. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mtengo wa zaka zingapo zapitazo sukuuzani kanthu lero. Pitani m'masitolo a zipangizo za galimoto, ku Malangalanga ngati muli ku Lilongwe, ku Limbe ngati muli ku Blantyre, mufunse mtengo wa zatsopano zofanana ndi zanu. Funsaninso kwa ogulitsa zipangizo zochotsedwa ku galimoto zina. Mtengo wanu uli pakati pamenepo.

Maganizo anga ndi akuti hedilampu ya dzina lodziwika, yopanda khutu lothyoka, yosadontha, ikhoza kuyambira pa theka mpaka magawo awiri mwa atatu a mtengo wa yatsopano. Mababu ndi osiyana, chifukwa ali ndi maola owerengeka ndipo palibe angaone kuti atsala angati. Amenewo atsitseni ndithu, makamaka LED yopanda dzina. Siyani kampata konenerera, koma mumtima mukhale ndi malire anu.

Pali nkhani ya kugulitsa imodzi kapena zonse ziwiri. Hedilampu yoyambirira ya Koito kapena Stanley imayenda msanga ngakhale ili yokha, chifukwa tsiku lililonse wina amagunda mbali imodzi. Koma yokongoletsa, ya timizere ta LED kapena ya mkati mwakuda, munthu akatenga imodzi inayo simudzaigulitsanso, popeza palibe amene ali ndi inzake. Zoterozo gulitsani ziwiri pamodzi. Mababu a HID nawonso apite awiriawiri, chifukwa akamakalamba amasintha mtundu limodzi.

Ngati muli ndi mahedilampu oyambirira a galimoto yomwe mukufuna kugulitsa, abwezereni pagalimotopo ndipo okongoletsawo muwagulitse padera. Wogula galimoto sawonjezera ndalama chifukwa cha magetsi.

Uthenga wotsatsa

Zithunzi zikhale zanu, osati za pa intaneti. Choyamba chikhale cha mahedilampu onse awiri masana, pamthunzi, pansalu yopanda maluwa. Chachiwiri cha kumbuyo, mapulagi akuoneka. Kenako khutu lililonse pafupi, zolembedwa pagalasi, zonse za m'jumbo zija zitayalidwa, ndi chilema chilichonse chala chanu chikuloza. Chithunzi cha pakhoma chisasowe. Nambala ya galimoto yanu muiphimbe.

Uthenga ukhoza kumveka chonchi: "Mahedilampu awiri a projector a Toyota Axio NZE141, opangidwa ndi Depo. Dimu ndi H11, fulu ndi HB3, mababu alimo. Kuwala kumakwera kumanzere, onani chithunzi cha pakhoma. Ya kumanja khutu lapamwamba linathyoka, linamatidwa, chithunzi chachisanu. Sadontha. Ndinapolisha ndi kupopera clear coat. Ndikugulitsa chifukwa galimoto ndinagulitsa. Ali ku Area 25, mukhoza kudzayesa pa batire musanalipire." Pamapeto lembani mtengo. Anthu ena amabisa mtengo kuti aziyankha mmodzimmodzi, koma zimenezo zimangokudyerani nthawi ndi bandulo.

Ikani pa Facebook, m'magulu ogulitsa zipangizo za galimoto, ndi pa WhatsApp. Koma musaiwale njira yakale: amakaniko, okonza magetsi a galimoto ndi owongola mabodi. Ku Biwi kapena ku Ndirande, munthu wowongola galimoto zogundidwa amadziwa amene akusaka hedilampu sabata imeneyo. Mutumizireni zithunzi, ndipo mugwirizane za kangachepe kake malonda asanachitike.

Mafunso a ogula

Ambiri amayamba ndi "Akulu, womaliza ndi zingati?" asanafunse ngati zilowa. Inu muyankhe ndi funso: "Achimwene, galimoto yanu ndi ya chasisi yanji, chaka chiti? Tumizani chithunzi cha kutsogolo ndi cha pulagi ya kumbuyo kwa hedilampu." Galimoto za mtundu umodzi, chaka chimodzi, zimatha kusiyana mapulagi, chifukwa ina inatuluka ndi halogen, ina ndi HID. Zithunzi ziwiri zimenezi zimathetsa mikangano yambiri isanayambe.

Ngati mukugulitsa mababu a LED kapena HID kwa munthu yemwe hedilampu yake ndi ya mbale wamba, muuzeni zoona. Mbaleyo inapangidwa moyeza kawaya kowala ka babu la halogen, kukula kwake ndi pomwe kamakhala. Mukaikamo chowala cha maonekedwe ena, kuwala kumatha kumwazika, mzere uja n'kusowa. Dalaivala amaona ngati kwawala kwambiri chifukwa pafupi ndi bampala payera, koma patali saona, ndipo aliyense wobwera kutsogolo amamuphethirira fulu. LED zina zopangidwa bwino, zopyapyala, zomwe timiyala take timakhala pomwe pamakhala kawaya kaja ndipo timayang'ana kumanzere ndi kumanja, zimasunga mzere bwino. HID m'mbale ya halogen nthawi zambiri sizitheka. Ku Britain, kuyambira mu 2021, galimoto yomwe hedilampu yake ya halogen yaikidwa babu la HID kapena LED imalephera mayeso a MOT, omwe ali ngati COF ya kuno, kupatula galimoto zakale kwambiri, ndipo chifukwa chake ndi chomwechi. Kunonso magetsi amayang'anidwa popanga COF, ndiye mulangizeni wogula asataye mababu ake akale.

Wa Polo, BMW kapena Benz muuzeni kuti kompyuta ya galimoto ikhoza kuona LED ngati babu lakupsa, n'kuyatsa chenjezo kapena kuchititsa kuphethira, pokhapokha pakhale kabokosi ka canbus. LED zina siziyaka mpaka pulagi itatembenuzidwa, chifukwa zimasankha plus ndi minus. Kachinthu kakang'ono aka kamachititsa anthu kuimba foni mokwiya usiku, choncho kaneneni kusanade.

Tsiku lokumana

Kumanani masana pamalo pa anthu, makamaka pagalaja pomwe pali batire ndi wodziwa magetsi. Yatsani chilichonse wogula akuona, dimu, fulu, indiketa ndi timizere ta masana ngati tilipo. Ngati wabwera ndi galimoto yake, ayerekeze hedilampuyo ndi yake, khutu ndi khutu, pulagi ndi pulagi. Muonetseni zilema zomwe munalemba zija ndi dzanja lanu.

Magetsi ndi magalasi a m'mbali amabedwa m'matauni mwathu, ndipo kugula katundu wakuba ndi mlandu. Wogula wosamala adzafuna kudziwa komwe munawatenga. Musakhumudwe nalo funsolo. Muonetseni lisiti ngati lilipo, kapena vidiyo ija magetsi ali pagalimoto yanu.

Polipira pa foni, musakhulupirire uthenga wa SMS kapena chithunzi chomwe munthu wakutumizirani. Akuba amapeka mauthenga ofanana ndi enieni. Imbani nokha *211# ngati ndi Airtel Money, *444# ngati ndi Mpamba, kapena lowani mu akaunti yanu ya kubanki, muone kuti ndalama yalowadi. Wina akati watumiza zochuluka mwangozi, mum'bwezere zotsala, onani balansi kaye. Katundu asachoke m'manja mwanu ndi lonjezo la kumapeto kwa mwezi. Wofuna kuti mumusungire apereke kachigawo, ndipo mugwirizane tsiku lomaliza.

Kutumiza kutali

Wogula akakhala ku Mzuzu inu muli ku Zomba, kulongedza ndi theka la malondawo. Chotsani mababu ngati n'kotheka, muwakulunge paokha m'kabokosi, ndipo bowo lotsalalo mulitseke ndi mphira yake kapena tepi kuti fumbi lisalowe. Galasi likutireni ndi nsalu yofewa kaye, chifukwa nyuzi ndi katoni zimakanda. Khutu lililonse livekeni kachidutswa ka katoni kopindidwa kawiri, chifukwa makutu ndi omwe amathyoka katoni ikagwa. Hedilampu iliyonse ikhale m'katoni yake, kapena muike chotchinga cholimba pakati. Ballast ndi chitsulo cholemera, isamayendeyende m'katoni momwe muli galasi. Dzazani mipata yonse ndi mapepala okwinya mpaka mukagwedeza pasamveke kanthu.

Jambulani musanatseke ndi mutatseka. Tumizani kudzera ku kampani yotumiza katundu kapena ku ofesi ya basi yomwe imapereka lisiti, osati kungopatsira kondakitala pazenera. Lembani kuti ndi zosweka mbali zonse, ndipo chithunzi cha lisiti mumutumizire wogula. Mugwirizane pasadakhale amene alipire ulendo.

Zikafika

Katundu wakale alibe waranti ya kufakitale, koma ndi bwino kupereka masiku ochepa oyesera, mwachitsanzo atatu. Lembani pa WhatsApp kuti pasadzakhale kukanirana: zibwezedwa ngati siziyaka kapena ngati zili ndi chilema chomwe simunanene, zibwere mmene zinapitira, mawaya osadulidwa, hedilampu yosatsegulidwa. Musanatumize, ikani kachizindikiro kanu pamalo obisika ndi penti kapena cholembera chosafufutika, kuti chobwerera chikhale chanu chomwecho.

Wogula akamanga magetsiwo, mukumbutseni kuti hedilampu yochoka pagalimoto ina siikhala yolunjika pa ina. Apite pakhoma usiku womwewo, mamita 10, matayala ali ndi mpweya wokwanira, kumbuyo kulibe katundu wolemera. Ngati galimoto yake ili ndi kagudumu kotsitsira magetsi pafupi ndi chiwongolero, akaike pa 0. Azungulitse timabawuti tija mpaka mzere wa dimu utsike masentimita 10 mpaka 12 pansi pa msinkhu wa hedilampu, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo akutumizireni chithunzi kuti mufanizire ndi chanu.